Tsiku la pa Khadi la Amayi

Ababa anakana khadi loyamba Lolemba, ati chifukwa cha maluwa.

"Maluwa amenewa ndi a kuti?" anandifunsa, pepala ataligwira patali ndi maso. "Mayi ako unawaonapo akudzala duwa pakhomo? Nkhabe, ayi, chotsa."

Ndinawachotsa maluwawo. Ine Imelda, amene ndakhala pa kompyuta m'shopu ya a Mervis pa Nchalo pano zaka zisanu ndi zinayi, wokonza makhadi a ukwati, a chinkhoswe, a ana omaliza sukulu, mpaka anthu amachoka ku Ngabu kulondola dzanja langa, lero ndiphunzitsidwe ntchito ndi munthu amene mausi ya kompyuta amaitcha kachule? Koma ndi bambo anga, ndiye ndinangomeza mate.

Khadilo linali la amayi. Amayi, a Esinala, anapita ndi madzi osefukira a mu Januwale 2015, kwathu kumunsi kwa Chiromo, komwe Ruo amathira mu Shire. Thupi lawo silinaoneke. Tinadikira, tinafunsa m'makampu, mpaka akuluakulu anati tikwirire thunthu la nthochi monga amachitira munthu akasowa m'madzi, ndipo tinakwiriradi, kumtunda kwa Bangula komwe anthu a m'mudzi mwathu anasamukira. Patapita zaka zisanu ndi ziwiri, mchimwene wanga Augustino, amene anabwerako ku Joni n'kukhazikika ku Limbe, anati manda a amayi asakhale ngati mzere wa mbatata, timange chiliza. Mwambo wovundukula chilizacho unali Loweruka la sabata yomweyo.

Za makhadi anayambitsanso ndi Augustino. Anati popeza anthu sanaone nkhope pa maliro, aliyense wobwera atenge kakhadi kolowa m'buku la nyimbo, nkhope ya amayi ikakhale m'nyumba zawo. Makhadi mazana awiri. Malume a ku Makhuwira, eni mbumba, anavomera, koma anaika lamulo limodzi: pasasindikizidwe kanthu alamu awo asanagwedeze mutu. N'chifukwa chake ababa, a Geresomo, munthu wodana ndi maminibasi, anabwera kudzakhala kwa ine sabata yonse, n'kumanditsatira kuntchito m'mawa uliwonse atavala jekete m'kutentha kwa Okutobala.

Ntchito yake inali yosavuta. Pepala limodzi ndinaligawa panayi ndi timizere tabuluu tija timene timaoneka pa sikilini koma pa pepala sitituluka. Pamwamba chithunzi, pansi pake dzina, Esinala Alufandika, kenaka masiku awiri. Anabadwa pa 3 Juni 1963. Anamwalira pa 12 Januwale 2015. Kumapeto kavesi kamene anasankha abusa. Khadi ngati limenelo ndimalimaliza tiyi asanazizire.

Koma ndinene zoona, mzere wa tsiku lomwalira ndinaulemba ndi zilembo zonenepa kuposa mizere ina yonse, ndipo ndikudziwa chifukwa chake.

Lamulungu lomaliza madzi asanabwere, ine ndi amayi tinayambana pa foni. Nkhani inali ya Lorenso, kapitawo wa odula nzimbe amene ndinkafuna kukwatirana naye. Amayi anati amva kuti ali ndi mkazi ndi ana atatu ku Muona. Ine ndinati ndi nsanje za anthu a m'mudzi. (Amayi ankanena zoona, ana ake anali anayi, koma imeneyo ndi nkhani ina.) Ndinawauza mawu oipa, oti ndibwera Lachiwiri kudzatenga masatifiketi anga, ndipo sadzandionanso pakhomo pawo. Ndinadula foni iwo akulankhula.

Lachiwiri lake sindinanyamuke. Kunali mvula, komanso mtima unali udakali wotupa. Cha m'ma seveni m'mawa pa foni panalowa kauthenga kaulere kaja kopempha kuti munthu akuimbire, kochokera pa nambala ya amayi. Ndinakayang'ana, n'kuti aimbe okha, foni n'kuiponya pamkeka. Masana ndi pamene ndinamva pa wailesi ya a Mervis kuti kwathu kwasanduka nyanja. Ndinaimba kosawerengeka, foni yawo inali yothima.

Lachinayi ndinawapeza ababa pa kampu ya ku Bangula, atafunda bulangete la eni. Anandiuza kuti amayi anapita Lolemba, nyumba itangogwa, madzi anawatenga nthawi yomweyo, sanavutike. Lolemba, pa 12. Ndiye ine ndinawerengera ndekha: kauthenga kaja anatumiza Lolemba, n'kukachedwa m'njira chifukwa cha mvula, mmene kankandipeza anali atapita kale. Ndikanaimba seveni koloko ija sindikanapeza munthu. Sindinauzepo aliyense za kauthengako. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikudya, kuseka ndi kugwira ntchito chifukwa cha nambala imeneyo, 12, ndiye musadabwe kuti ndinainenepetsa.

Lachiwiri la sabata ya makhadi ija, ababa anakana chithunzi.

Zithunzi zonse za kwathu zinapita ndi madzi. Ichi ndinachipeza kwa mayi wina wa ku tchalitchi, chithunzi cha gulu la amayi pa msonkhano, amayi anga ataima pamzere wachiwiri, nkhope yawo yaing'ono ngati njere ya nyemba. Ndinachisikana, ndinachikulitsa, ndinadula mapewa a anzawo a mbali zonse, kumbuyo ndinapaka mtambo woyera. Timadontho ndi timikwingwirima tonse ta pepala lakale ndinafufuta kamodzikamodzi, masana onse a Loweruka lathalo, mpaka maso kuwawa. Ndinkanyadira nacho, a Mervis anachita kuitana wa shopu yoyandikana kuti adzaone.

Ababa anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Uyu ndi ndani?"

"Ababa, mukufunsa chiyani? Ndi amayi."

"Mayi ako anali ndi chipsera pachibwano, apa. Anagwera pa khasu ali mtsikana. Chili kuti?"

Ndinatsegula chithunzi choyamba chija, chosakonza, n'kuchikulitsa. Chinalipo, kamzera kakang'ono kopendekera pachibwano. Ine ndinakayesa kukalika kwa pepala, ndinakafufuta ndi dzanja langa, chipsera chimene ndinkachigwiragwira ndili pamiyendo pawo. Mayo ine! Ndinachibwezeretsa, n'kusindikizanso pepala lina loyesera. Ababa analigwira, kuliyang'ana, kulitembenuza kumbuyo komwe kunalibe kanthu, n'kulibweza pa tebulo.

"Tione mawa," anatero.

"Mawa chiyani, ababa? Chipsera si ichi?"

Anatuluka kukaima pakhonde, kuyang'ana mathirakitala a nzimbe akudutsa. Sanathe mphindi zisanu, analowanso, kukhala pa benchi ya makasitomala, kudzuka, kufunsa a Mervis ngati madzi a mu ndowa ndi akumwa, kumwa theka, kutulukanso. Sabata yonse anali choncho, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu kumangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Nanenso ndinatengera. Ndinkati ndikayamba khadi la kasitomala wina, mphindi ziwiri zokha ndapezeka ndatsegulanso la amayi, kusuntha dzina pang'ono kumanzere, kulibwezanso pomwe linali.

Lachitatu anati zilembo za dzina n'zopindikapindika, nkhalamba za kutchalitchi siziwerenga. Ndinasintha, ndinaika zowongoka ngati za pa chikwangwani cha kuchipatala. Ndikuti ndisindikize, magetsi psiti. Tinakhala maola atatu m'kashopu kamalata, fani itaima, thukuta likuyenderera m'mawondo. Atayaka, ndinasindikiza msangamsanga n'kuwapatsa. Anati tsopano zilembo zauma kwambiri, zikuoneka ngati kalata ya kukhoti.

Ndinatuluka panja n'kuimbira Augustino.

"Achimwene, bambo anu andipengetsa. Lachisanu masana makhadi akhale atadulidwa, atamatidwa pulasitiki, ali mu minibasi ya ku Bangula. Lero Lachitatu, palibe ngakhale limodzi."

"Iwe, ingosindikiza," anatero Augustino, phokoso la magalimoto a ku Limbe likumveka kumbuyo kwake. "Madala akalamba, akungofuna poonekera. Loweruka akadzaona anthu akulandira, adzakhala chete."

"Nanga malume?"

"Malume adziwa bwanji? Khadi ndi khadi. Zonse zilipo? Dzina, chithunzi, masiku?"

"Zilipo."

"Tsiku lenileni ulembe ndithu, pa 12. Pa chiliza paja anandikaniza, ati chaka chokha n'chokwanira, mmisiri asavutike. Pa khadi pokha lisasowe, ana athu adzadziwe."

Zoti pa chiliza palibe tsiku sindinkadziwa. Ndinazimva, zinalowa khutu ili n'kutulukira linali, chifukwa mutu wanga unali pa minibasi ya Lachisanu.

Lachinayi ndiye ndinaphulika. Ababa anati mzere wozungulira khadi ndi wofiirira, mayi ako ankakonda mtundu wobiriwira. Ndinasintha, ndinasindikiza. Anati wobiriwira wake si umenewo.

"Ababa!" Ndinamenya tebulo mpaka kachule kawo kanadumpha. "Mukufuna chiyani kwenikweni? Maluwa ndachotsa, chipsera ndabweza, zilembo ndasintha kawiri. Ngati simukufuna makhadi nenani, ndiimbire malume tisiye. Mwandichititsa manyazi pamaso pa abwana anga sabata yonse. Amayi anali anu nokha kodi? Ifenso tinaferedwa!"

M'shopu munali mtsikana wodzafotokopa satifiketi, anaweramitsa mutu. A Mervis anandiyang'ana ndi diso lija lotanthauza kuti iwe, amenewo ndi bambo ako. Ababa anavula chipewa, kuchiyang'ana mkati, kuchivalanso.

"Ndikaone ngati wometa uja watsegula," anatero chapansipansi, n'kutuluka. Tsitsi anali atameta Lolemba.

Ndinatsala ndikupuma ngati ndathamanga. Ndinati basi, ndimvera Augustino. Ndinatsegula bokosi la mapepala olimba aja, kuwerenga makumi asanu, kuwayala mu pulinta. Pa tebulo panali mbwee mapepala oyesera a sabata yonse, ndiye ndinayamba kuwasonkhanitsa kuti ndiwataye. La maluwa, la chithunzi chopanda chipsera, la chipsera, la zilembo zowongoka, awiri a lero.

Mapepala oyesera timasindikiza pa kapulinta kakang'ono ka inki, kuti tisawononge tona ya pulinta yaikulu. Inki imeneyo imadana ndi madzi. Kasitomala akagwira ndi dzanja la thukuta, chala chake chimatsalira pa pepala, ndipo mu Okutobala ku Nchalo kuno palibe dzanja louma. Ndazolowera kuona zala m'mphepete mwa pepala, pomwe munthu aliyense amagwira.

Zala za ababa sizinali m'mphepete. Pa pepala loyamba, pa khadi la pamwamba kumanzere, inki inali itafufutika malo amodzi, pakati pa mzere wachiwiri wa masiku. Ndinatenga lachiwiri, pomwepo. Lachitatu, pomwepo. Ndinawayala onse asanu ndi limodzi pa tebulo, ndipo pa lililonse chala chachikulu cha ababa chinali chitadinda pa 12, mpaka pa mapepala ena nambalayo inangosanduka kabanga kakuda. Munthuyo ankati akamanena za maluwa, za zilembo, za mtundu wobiriwira, chala chake chinali chitaphimba tsiku. Ndipo pa chiliza anakana kuti alembepo tsiku.

Ndinakhala pansi. A Mervis anafunsa ngati ayatse pulinta yaikulu itenthe. Ndinati ayi, mawa.

Madzulo ake kunyumba tinadya osayang'anana. Ine ndinatsuka mbale kawiri, ndinasesa pakhonde posesedwa kale, ndinapita kwa aneba kukabwereka machesi ndili nawo. Ababa ankasoka lamba wa nsapato yawo amene sanali woduka. Ndinkachita mantha, ndinene poyera. Ndinkaopa munthu wokalamba wosoka nsapato kuposa chilichonse chimene ndinaopapo.

Lachisanu ndinalawira, ndinatsegula ndekha shopu a Mervis asanafike. Mmene ababa ankalowa, ndinali nditapeza nzeru. Ndinawakokera mpando pafupi ndi sikilini, koyamba sabata yonse.

"Ababa, pepani za dzulo. Ndaganiza. Bwanji tichotse tsiku, tisiye chaka chokha monga pa chiliza? Zifanane."

Ndinadina, 12 ndi Januwale zinachoka. Panatsala Anamwalira 2015.

Ababa anatulutsa mpweya wautali, mapewa awo anatsika. "Pyadidi," anatero, kutanthauza kuti zili bwino. "Tero basi. Sindikiza, mwananga."

Mutu uja tinkaudikira kuyambira Lolemba unagwedezeka. Nthawi inali isanakwane eyiti, mapepala ali kale mu pulinta, minibasi ndi ya thuu koloko. Kunangotsala kudina kamodzi. Augustino akanalalata, koma Augustino amalalata ndi kale. Ine ndikanasunga 12 wanga mumtima, ababa akanasunga zawo, tonse n'kukadya mpunga wa pa chiliza mwamtendere.

Koma khadi linali lopendekera. Mzere wapamwamba wautali, Anabadwa pa 3 Juni 1963, wapansi waufupi ngati waduka mwendo. Ndinauika pakati, sunakhale. Ndinatalikitsa mipata ya zilembo, unaoneka ngati mano a nkhalamba. Ndinakulitsa chaka, chinachita kukuwa. Zaka zisanu ndi zinayi pa ntchito imeneyi, diso langa silingadutse pa mpata wotere osauona, ndipo ndinadziwa kuti ndidzauona nthawi iliyonse ndikatsegula buku la nyimbo, mpaka kufa kwanga. Ndinachotsa dzanja pa mausi.

"Ababa, amayi anamwalira liti?"

Anayang'ana kukhomo, ngati wometa uja angawapulumutsenso.

"Imelda, tagwirizana kale."

"Ndaona zala zanu pa mapepala. Ndiuzeni. Si pa 12, eti?"

Anavula chipewa n'kuchiika pa bondo. Panja panadutsa thirakitala, malata ananjenjemera, tinadikira kuti ipite.

"Pa 14," anatero. "Lachitatu, dzuwa lili pamutu."

Sindinalire nthawi yomweyo. Ndinangogwira m'mphepete mwa tebulo, iwo n'kumalankhula akuyang'ana chithunzi cha pa sikilini, osati ine.

Anati nyumba inagwadi Lolemba, koma iwo anali atatuluka kale. Anakwera mumtengo wa mango uja wa kuseri kwa khola, onse awiri, madzi ali m'chiuno. Ababa anang'amba chitenje pakati, anamangirira amayi kunthambi, iwonso kudzimangirira. Foni ya ababa inapita ndi madzi, koma amayi yawo anali ataikulunga m'pepala la shuga n'kuimanga pa mfundo ya chitenje cha m'chiuno. Munalibe mayunitsi, moto unali utatsala kamzere kamodzi.

"Kutacha Lachiwiri, mayi ako anandifunsa kuti lero ndi lachingati. Nditawauza, anayamba kumasula mfundo ija ndi mano. Anati Imelda ananena kuti abwera Lachiwiri. Akafika pa Bangula aona madzi, ndipo mmene ndimamudziwira, akwera bwato la aliyense kuti awoloke. Timuuze asabwere."

"Asabwere?"

"Basi, mawu ake anali omwewo. Ine ndinadina manambala aja, iwo akunditchulira nambala yako pamtima. Kenaka anailanda foni, kuifumbata pachifuwa, kuiphimba ndi duku kuti isanyowe. Anaigwira choncho mpaka inathima yokha, cha m'ma leveni."

Maola anayi. Ine maola amenewo ndinali pano, pa mpando womwe uno, ndikukonza khadi la chinkhoswe cha munthu amene dzina lake ndinaliiwala, foni ili pamkeka kunyumba.

"Ndikanaimba," ndinatero, mawu akutuluka okhaokha. "Ababa, ndinauona uthengawo. Ndinauona seveni koloko. Ndikanaimba, ndikanadziwa mtengo wake, ndikanathamanga kukafuna bwato."

"Kaya," anatero ababa. "Mabwato anali ochepa, mitengo yonse inali ndi anthu. Mwina likanabwera msanga, mwina ayi. Bodza lina sindikuuzanso, limodzi lija landikwana."

Anati Lachitatu miyendo ya amayi inali itatupa, nyerere zitawaluma thupi lonse, chitenje chitawadula m'khwapa. Masana amayi anamasula mfundo pang'ono kuti atembenuke, mwendo unali utachita dzanzi, sunagwire nthambi. Ababa anatambasula dzanja, anangogwira duku lokha. Bwato linafika tsiku lomwelo dzuwa litapendeka.

"Nanga munandinamiziranji?" Tsopano ndinkalira, komanso ndinali nditapsa mtima, zonse pamodzi. "Zaka zonsezi, ababa!"

"Pa kampu paja unabwera ukuthamanga, foni ili m'manja, utaifinya. Anthu onse ankandifunsa kuti zinachitika bwanji. Iwe wekha unafunsa kuti liti. Ndinadziwa kuti uthenga unauona. Ndinali nditataya mayi ako dzulo lake, ndiye ndikutayenso iwe? Ndinati Lolemba." Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Pakamwa ndinkatha kunena, chaka ndi chaka ndinkanena. Koma Lolemba lija utandipatsa pepala, ndinaona bodza langa litaima mowongoka, zilembo zonenepa, pansi pa nkhope yake. Mazana awiri, n'kukalowa m'mabuku a nyimbo. Masiku awiri amene mkazi wanga analimbana ndi madzi aja, ine ndawafufuta, monga iwe unafufutira chipsera. Kuti ndivomere, ndinalephera. Kuti ndinene, ndinalepheranso."

A Mervis anafika pakhomo, anationa, anabwerera n'kukakhala pakhonde. Ndinawamva akuuza kasitomala kuti makina avuta, abwere masana.

"Anapita atandikwiyira," ndinatero. Silinali funso.

Ababa anapukusa mutu, ndipo pakamwa pawo panachita ngati pakufuna kuseka.

"Lachitatu m'mawa ine ndinkadandaula. Ndinkati mwana uja sanaimbe, kapena ali m'njira, kapena wamira kale pa Shire. Mayi ako anati, inu a Geresomo, mwana wanu simumudziwa. Imelda makani anatengera ine. Ngati sanaimbe ndiye kuti akadakwiya, ndipo ngati akadakwiya ndiye kuti sananyamuke, ali pa Nchalo watupitsa masaya. Pyadidi, akwiye choncho mpaka madzi aphwe. Ndiye anaseka, Imelda. M'mtengo muja, milomo itang'ambika, anaseka ndithu."

Pamenepo ndiye ndinalira ngati mwana, chipumi chili pa tebulo, kiyibodi ikulemba zilembo zopanda pake pa khadi. Ababa sanandiletse. Anangoika dzanja pamsana panga, dzanja lolemera, lonyowa thukuta, mpaka ndinatopa ndekha.

Nditadzuka, ndinafufuta zopanda pake zija. Ndinabwerera pa mzere woduka mwendo, n'kulemba ndi chala chimodzi ngati wophunzira kumene. Anamwalira pa 14 Januwale 2015. Zilembo ndinazichepetsa kuti zifanane ndi za tsiku lobadwa. Mizere iwiri inakhala bwinobwino pansi pa dzina.

"Augustino ndi malume adzafunsa," ndinatero.

"Adzafunse ine mawa, pa manda pomwepo. Za uthenga ndi zako, ukafuna udzanena wekha."

Ndinasindikiza pepala lomaliza loyesera pa kapulinta ka inki n'kuwapatsa. Anayamba apukuta manja pa buluku, kenaka analigwira m'mphepete ndi manja awiri, kuliwerenga lonse kuyambira pa dzina mpaka pa vesi, milomo ikuyenda.

"Takhuta, mwananga," anathokoza. "Sindikiza."

Ndinaitana a Mervis kuti ayatse pulinta yaikulu ndi makina omatira pulasitiki. Anafuna kundithandiza kudula kuti tipeze minibasi ya thuu koloko, koma ndinakana, ndinati iwo azimata. Ababa anakhala pa benchi osadzukanso, chipewa chili pa bondo. Makhadi onse mazana awiri ndinadula ndi dzanja langa, ndipo pa lililonse ndinawerenga tsikulo ndisanalipereke.